Amuna Obwereka a Pasikelo

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chimene chinandichotsa pachipatala chimene ndinkapita wapansi kuchoka kwathu ku Kawale n'kukandiponya ku Area 25, mpaka ndinkanyamuka kukakwera maminibasi awiri inu musanasukusule. Malemu bambo anu ankakuuzani kuti ndi mmene amasamutsira anthu pantchito, basi. Anali munthu wosakonda zolongolola. Wolongolola m'nyumba muno ndine, ndipo poti ndinapuma ntchito, maso nawo ayamba kuchita chifunga, ndati ndilembe ndekha mmene zinayendera. Dzina la chipatalacho sinditchula, chifukwa ena amene ndinkagwira nawo akadali pantchito, ndipo maina a anthu ndasintha. Za ubwana wanga ku Ntcheu mukuzidziwa kale, ndiye ndingodumpha.

Ntchito yanga yoyamba, kumapiri a Dedza

Nditamaliza maphunziro a unamwino ndi uzamba ananditumiza ku kachipatala kena kumapiri a Dedza, kumene galimoto inkafika ikafuna. Ndinali mtsikana woonda, yunifomu ikundikhwepa. Bwana wanga anali mayi Sakala, mzamba wachikulire wa mawu ochepa. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika pachingwe, madzi tinkatunga tokha kumjigo, ndipo ulusi wosokera ukatha tinkangoyang'anana. Koma chimene chinkawatopetsa mayi Sakala sichinali kusowa kwa zinthu, ndinali ineyo ndi mafunso anga. Ndinkafuna kudziwa chifukwa chake amayi amabisa mimba mpaka itaonekera yokha, chifukwa chake ena amamanga kachingwe m'chiuno, chifukwa chake wina amakana mazira pamene nkhuku zili mbwee pabwalo pake. Mayi Sakala ankati, iwe Eneles, chidwi chakochi chidzakupweteketsa tsiku lina. Sananame.

Kumeneko ndinaphunzira chinthu chimodzi chokhudza abambo. Zaka zonse zimene ndinakhalako sindinaonepo mwamuna atakhala pabenchi ya sikelo. Wachifundo kwambiri ankamukweza mkazi panjinga, kumutsitsa pageti ngati thumba la kuchigayo, iye n'kukakhala kugolosale mpaka mkazi atuluke. Ndinkadziwa kuti za mimba abambo amazionera patali, ndipo sindinkayembekeza kuti zidzasintha ndili moyo.

Nditabwera ku Lilongwe

Nditakwatiwa ndi bambo anu ndinapempha kusamukira ku Lilongwe. Ndinazungulira m'mawodi angapo, inu mukubadwa ndi kukula, kenaka ndinakhazikika pa kachipatala kena kothandiza anthu a ku Biwi, Mchesi ndi Area 36. Anandipatsa chipinda cha sikelo ya amayi oyembekezera, ndipo chipinda chimenecho ndinachikonda kuposa kulikonse kumene ndinagwirapo. Mkulu wa chipatalacho anali a Msiska, a ku Rumphi, mkulu wa mpingo, munthu womanga tayi ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Mundimve bwino, sanali munthu woipa. Sankaba mankhwala, sankakalipira odwala, koma lamulo likabwera kuchokera kwa akuluakulu ankaligwira ndi manja awiri. Zosowa zinali zomwe zija za ku Dedza, kungoti kuno anthu anali ochuluka. Zipangizo zoyezera magazi zinkabwera lero, mawa zatha. Jakisoni wa penisilini, amene timabaya odwala chindoko, a Msiska ankamutsekera m'kabati yawo, kiyi m'thumba la malaya, ndipo m'mawa uliwonse ankandipatsa timabotolo tochepa ta tsikulo.

Kenaka kunabwera lamulo lakuti mayi aliyense woyamba sikelo azibwera ndi mwamuna wake. Cholinga chinali chabwino ndithu: ayezedwe magazi onse awiri, ndipo abambo azimva okha za zakudya ndi zizindikiro zoopsa, asamati mkazi akungonamizira kufuna nyama. Obwera awiriawiri ankalowa poyamba. Obwera okha ankadikira kumapeto, ndipo kawirikawiri pofika iwo zoyezera zinkakhala zitatha, n'kuuzidwa kuti adzabwerenso tsiku lina. Ine, pokumbukira abambo a kugolosale aja, mumtima ndinangoti tiona. Koma taonani, sipanapite nthawi mabenchi anadzaza amuna. A Msiska ankadutsa pakhonde akumwetulira, n'kumauza alendo kuti abambo a ku Lilongwe atembenuka mtima. Ine ndinkangodzifunsa kuti amuna onsewa atuluka kuti.

Woyamba kundidabwitsa anali bambo wina wamtali, amene mwendo wakumanja wa buluku lake unali womangidwa ndi kamphira pamwamba pa kakolo. Anabwera ndi mayi wa ku Mchesi, anayankha mafunso bwinobwino, ndinamubaya chala, anapita. Patapita masabata ndinaona kamphira komwe kaja pansi pa benchi, koma pamwamba pali jekete ndi chipewa, pambali pali mayi wina. Ndinati kaya, mitala ilipo. Atabwera ndi wachitatu ndinati bamboyu ndi wolimba mtima. Wachinayi anali mtsikana wa ku Karonga wolankhula Chichewa chothyokathyoka, ndipo apa mutu wanga unakana. Bamboyo anatambasula chala chapakati ndisanamuuze, n'kutembenuzira nkhope kukhoma pa nthawi yake yeniyeni. Chikhatho chake chinali cholimba gwa, cha munthu wogwira chiwongolero cha njinga tsiku lonse.

Chidwi chija chinandisowetsa mtendere. Tsiku lina masana ndinavula kachipewa ka unamwino, kumanga chitenje, n'kupita pasiteji ya akabaza pafupi ndi msika. Ndinamupeza atatsamira njinga yake, kamphira kali pamalo pake, anzake akumuitana kuti Lufeyo. Ndinakwera n'kumuuza kuti andiperekeze ku Biwi. Titayenda pang'ono ndinamufunsa kuti akazi ake onse aja akupeza bwanji. Njinga inagwedera, tinatsala pang'ono kulowa m'ngalande. Anatsika, nandiyang'ana bwino, nandizindikira.

"Amayi, ine sindiba," anatero. "Mayi akabwera yekha mumamubweza, akabwera ndi ine mumamuyeza. Nanga wolakwa ndani pamenepa?"

Ine ndinapitiriza kufunsa, poti ndiyo ntchito imene ndimaitha. Anati si iye yekha, akabaza angapo pasitejipo amachita zomwezo. Amayi owabwereka ndi amene amuna awo ali ku Joni, ena amuna awo ndi alonda ogona masana, ena anawakana mimba, ndipo ambiri amuna awo alipo m'nyumba koma safuna kumva za sikelo. Ndinamufunsa kuti amadziwa bwanji zoyankha. Anati sukulu yake imachitikira panjinga: kuchoka pamsika kufika pageti mayi amakhala atamuphunzitsa kwawo, ana amene ali nawo, ndi mwezi umene anaima. Anatinso poyamba ankalakwitsa pochita ulemu wambiri, kumunyamulira mayi chikwama, kumupukutira pabenchi, mpaka anaona kuti amayi ena akumuyang'ana mokayikira. Ndiye anaphunzira kukhala chokwinya nkhope, kumayang'ana panja, n'kumadandaula kuti ntchito ikumuchedwera. Kuyambira pamenepo palibe anamukayikiranso. Ndinaseka mpaka misozi, pamseu pomwepo.

A Msiska sindinawauze. Ndinkaona ndi maso anga kuti amayi amene kale ankabwera mimba itakula tsopano akuyamba sikelo msanga. Chimene ndinachita n'chakuti a Lufeyo akalowa sindinkawononganso choyezera pa iwo, ndinkasungira mayi wina.

Dzinja la chaka chomwecho

Mvula itayamba, a Lufeyo analowa ndi mayi wamfupi, wofatsa, wa ku Dedza, dzina lake Tiyanjane. Mimba inali isanaonekere kwenikweni, ndipo inali yachitatu. Nditamufunsa kuti ana awiri oyambawo ali kuti, anayang'ana pansi.

"Ana anga salira, amayi," anatero.

Anafotokoza pang'onopang'ono kuti onse awiri anafika pafupi ndi masiku, onse awiri anasiya kugunda m'mimba, onse awiri anabadwa atapita kale. Azimayi anakawaika mwakachetechete monga mwa mwambo, popanda nyimbo, popanda wolira. Maulendo onse awiri anayamba sikelo mochedwa ndipo anapeza zoyezera kulibe. Achibale a mwamuna anali atanena kale kuti uyu wachitatu akatsata anzake, iye abwerere kwawo. Ndinamubaya chala, tinadikira, ndipo choyezera chinaonetsa chindoko. Ndinamuuza kuti nthenda imeneyi imatha kukhala m'magazi zaka popanda chilonda, popanda kupweteka kulikonse, koma mwana m'mimba imamupha. Ndinamuuzanso kuti mankhwala ake alipo, ali pathebulo pompo, koma bambo a mwana ayenera kubayidwa nawonso, apo ayi akhoza kumubwezera nthendayo, mwanayo n'kutsata anzake.

Nditatchula za bambo, a Lufeyo anaimirira nayamba kumasula lamba, thukuta lili kamukamu. Anali okonzeka kulandira jakisoni wa mwini wake kuti chinsinsi cha mayiyo chisaululike, ndipo amene anabayidwapo jakisoni ameneyu akudziwa kuti tsiku limenelo pachishalo cha njinga sipakhalika. Ndinatseka chitseko.

"Mangani lamba, a Lufeyo. Lero sewero lathera pano. Jakisoni uyu ndi wa bambo a mwana."

Tiyanjane analira. Mwamuna wake weniweni anali a Chikopa, okonza maminibasi pagalaja ina ku Biwi. Iwo anamuuza kuti sikelo ndi ya azimayi, ndiponso kuti tsiku lojomba kugalaja ndi tsiku logona ndi njala. Za chindoko ankaopa kuwauza, poti akanati wabwera nacho ndi iye. Ndinamubaya jakisoni wake, n'kumulangiza kuti akangowauza kuti anamwino akuwafuna pa nkhani ya magazi a mwana, zina zonse ndidzanena ndine. Ndinawonjeza kuti pakadali pano azigona motalikirana. Anandiyang'ana ngati ndayankhula za kumwamba, nati nyumba yawo ndi ya chipinda chimodzi, mphasa imodzi.

Majakisoni ake otsala anabwera kudzalandira mokhulupirika, koma yekha. Mimba inakula. Nthawi iliyonse ndikaika kalipenga pamimba pake kumvera mtima wa mwana, ndinkaumva ukuthamanga bwinobwino, ndipo m'malo mosangalala ndinkachita mantha. Ndinkadziwa kuti ana awiri aja nawonso mitima yawo inkathamanga chimodzimodzi pa miyezi imeneyo.

Mafunso a pageti

Chinsinsi cha akabaza chinaululika chokha. M'mawa wina amayi awiri anapezeka kuti abwereka kabaza mmodzi, osati a Lufeyo, wina, ndipo anayamba kumulimbirana pabenchi, uyu akuti ndi wanga, uyo akuti ndinayamba ndine. A Msiska anatuluka kudzaweruza, atamva zonse nkhope inagwa. Zinawapweteka kwambiri, chifukwa anali atanyadira abambo aja m'misonkhano. Tsiku lomwelo analamula mlonda wathu, a Mbewe, kuti mwamuna aliyense azifunsidwa mafunso atatu pageti asanalowe: mudzi wa mkazi wake, miyezi ya mimba, ndi dzina la mayi ake a mkaziyo. Wolephera abwerere.

Mukundidziwa ine. M'mawa wotsatira ndinakaima pafupi ndi geti ngati ndikudikira munthu, khutu lili kwa a Mbewe. Zimene ndinamva, ha. Amuna obwereka ankayankha ngati ana a Sande sukulu, mudzi, mfumu yake, miyezi, ena n'kuwonjezera ndi dzina la mtsinje. Amuna enieni ndiwo ankakanda m'mutu. Mkulu wina atafunsidwa miyezi anati afunseni eni ake ali apawa. Koma funso lowagwetsa onse linali lachitatu. Kwathu ku Ntcheu ndi ku Dedza mkamwini satchula dzina la apongozi ake. Amalidziwa, koma pakamwa pake silituluka, ndipo akakumana nawo panjira amapatukira kutchire. Wobwereka alibe apongozi pamenepo, ndiye ankalitchula mokweza, dzina ndi mfunda womwe. Ndinapita kwa a Msiska kukawauza kuti geti lathu likulowetsa onama n'kumabweza eni ake. Anati kwawonso apongozi amalemekezedwa, koma pano ndi pachipatala, si pamudzi, ndipo tiyese kaye mwezi umodzi.

Mwezi umenewo usanathe, m'mawa wina mvula itangokata, Tiyanjane analowa m'chipinda changa osagogoda. Ndinamukhazika pansi, ndipo nkhani inatuluka zidutswazidutswa. A Chikopa anali atavomera. Anabwera naye, atavala ovolosi yawo ya mafuta, kuti akatha abwerere kuntchito. Pageti mudzi anayankha, miyezi anaphonya pang'ono, koma pa dzina la apongozi anangoyang'ana pansi, duu. Ndiye a Mbewe, pamaso pa mzere wonse, anawauza kuti anadziwa kale, mwamuna wa mayiyu amamudziwa, ndi wamtali, anabwera naye tsiku loyamba, ndipo anawafunsa kuti iwo awalonjeza zingati. Amayi a pamzere anaseka. A Chikopa anamuyang'ana mkazi wawo kamodzi, natembenuka n'kumapita.

Taganizani, ana anga. Munthu amene tinamudikira dzinja lonse anafika pakhomo pathu, ife n'kumuthamangitsa, ndipo pomuthamangitsa tinamuuzanso kuti mkazi wake ali ndi mwamuna wina wamtali. Ndinapsa mtima. Ndinaona kuti dzuwa likalowa nkhaniyi isanakonzeke, Tiyanjane agona panja, kapena agona m'nyumba momwemo ndi munthu amene sadzapondanso pachipatala. Ndinatenga botolo limodzi la penisilini, singano, ndi mankhwala othandiza munthu ngati jakisoni wamukana, n'kulowa nazo mu ofesi ya a Msiska, zili poyera m'manja.

"Bwana, ndikupita ku Biwi ndi botolo ili."

Nditawafotokozera zonse anavula magalasi napukuta m'maso. Ndinaona kuti zawakhudza, komabe anapukusa mutu.

"Mankhwala satuluka pageti, mayi Kachingwe. Ndikalola inu lero, mawa wina atuluka ndi katoni. Mukapita ndilemba lipoti, ndipo chipinda chija simudzachionanso."

Musaganize kuti sindinaope. Inu munali pasukulu, bambo anu anali atayamba kale kudwaladwala, ndipo kuyandikira kwa ntchito ndiko kunkandithandiza kuthamangira kunyumba masana kukawaona. Panja amayi anali pamzere kundidikira. Ndinaima pamenepo ndikuziyeza zonsezi, koma m'khutu mwanga munkamveka kamtima kaja kothamanga.

"Lembani, bwana," ndinatero. "Kabati ndi yanu, koma mwanayu akafa wodzamukulunga m'chitenje ndine."

Sananditsekereze. Mzere ndinamusiyira namwino mnzanga, Tiyanjane ndinamuuza kuti asachoke mpaka nditabwera.

Pagalaja ku Biwi

Ndinadzera pasiteji kukatenga a Lufeyo. Atamva kumene tikupita anakana kwamtuwagalu, ati anthu a kugalaja amayankhula ndi masipanala. Ndinawauza kuti ukwati umenewu anaumanga okha panjinga, ndiye akaumasule okha. Anandikweza akung'ung'udza njira yonse, matope akutithimbirira, mpaka tinalowa m'tinjira ta Biwi momwe phokoso la nyundo silitha ndipo zigoba za magalimoto zimangoti mbwee mpaka pakhomo pa anthu.

A Chikopa tinawapeza ali pansi pa minibasi, kunja kukuoneka miyendo yokha. Ndinawapatsa moni, miyendo sinayankhe. Ndinanjuta m'matope momwemo ndi yunifomu yanga yoyera, n'kuuza miyendoyo kuti ndine namwino wa akazi awo, ndipo munthu wamtali uja ndabwera naye. Chitsulo chimene ankagogoda chinasiya kulira. A Lufeyo, chipewa chili m'manja, ataima patali pothawika, anayamba kufotokoza kuti iwo ndi kabaza chabe, kuti akhala mwamuna wa amayi ambirimbiri a ku Mchesi ndi Area 36 kuchokera pamsika kufika pageti, ndipo kuti mayi Tiyanjane anawaona tsiku limodzi lokha, ngakhale kumene amakhala sakudziwako. Amakaniko ena anali atasiya ntchito n'kutizungulira. Mmodzi wa iwo, bambo wonenepa, anafunsa anzake kuti nanga mkazi wake iye anayamba bwanji sikelo pamene iye sanapondeko. Galaja yonse inafa nacho chiseko, ndipo pansi pa minibasi panamvekanso kakuseka kakafupi ka m'mphuno. Kenaka miyendo ija inakokera mwini wake kunja.

Anali munthu wamfupi, wa maso ofiira, ndipo sindikudziwa ngati anafiira ndi utsi kapena ndi zina. Ndinawapempha kuti tikalankhule awiri. Tinalowa m'chigoba cha minibasi yopanda matayala, ndinakoka chitseko, n'kuwauza zonse mosabisa: dzina la nthendayo, mmene imabisalira, ndi chimene chinachitikira ana awo awiri.

"Ndiye wabwera nayo ndani, ineyo kapena iyeyo?" anafunsa.

"Magazi sanena zimenezo, bambo. Ikhoza kukhala m'thupi kuyambira munthu asanakwatire n'komwe. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti amene akufa nayo ndi ana anu."

Anapukuta zala ndi kansanza kamene kanali kakuda kuposa zalazo. Kenaka anayamba kulankhula osandiyang'ana. Anati maulendo onse awiri anabwera kuchokera kuntchito n'kupeza m'nyumba mosesedwa, mkazi wagona choyang'ana kukhoma, azimayi akuwauza kuti abambo safunsa. Anati sanaone ngakhale phazi la mwana. Anthu ankaganiza kuti iwo sizinawakhudze, koma mpaka lero akamva khanda likulira kwa aneba amatuluka m'nyumba. Anandifunsa ngati uyu ali moyo. Ndinawauza kuti sabata yomweyo ndinamva mtima wake ndi khutu langa. Anamasula ovolosi, nagona chafufumimba pampando wong'ambika.

Jakisoni uja anawabuulitsa moti anzawo panja anafunsa ngati ndikuwachotsa injini. Ndinakhala nawo kanthawi kuonetsetsa kuti mankhwala sanawakane. Ndikunyamuka anandiuza kuti mkazi wawo abwere kunyumba, palibe nkhani, koma pageti paja iwo sadzadutsaponso ngakhale atawanyamula pamachira. Ndinawauza kuti jakisoni si mmodzi. Anati minibasiyi ilibe matayala, sichoka.

Lipoti a Msiska analembadi tsiku lomwelo, monga ananenera. Koma sabata yotsatira, m'mawa, pa timabotolo tanga ta tsikulo ndinapeza kowonjezera kamodzi kali pambali, ndipo iwo anadutsa osandiyang'ana. Ndinapita nako ku Biwi, ndipo anachitanso chimodzimodzi mpaka a Chikopa anamaliza. Tiyanjane ndinamuyambitsanso majakisoni ake, poopa kuti mwina nthenda inali itabwerera. Munthu uja, a Msiska, mpaka lero sindimumvetsa bwinobwino, ndipo ndimamulemekeza. Mafunso a pageti anatha mwakachetechete, popanda wolengeza. Ine kusamutsidwa kwanga kunabwera Tiyanjane asanabereke.

Ku Area 25

Ndi mmene ndinayambira maminibasi awiri aja, ndipo kumeneko ndinagwira mpaka kupuma, ndikuthandiza amayi a ku Mgona ndi madera ozungulira. Miyezi yoyamba inandiwawa. Bambo anu masana ankakhala okha, ndipo ine ndinkafika nditatopa moti ena a inu munkati amayi asanduka olusa. Koma choposa kutopa chinali kusadziwa. Tiyanjane analibe foni. A Lufeyo ndinawafunafuna pasiteji, anzawo anati anasamukira ku Chinsapo. Kugalaja ndinkaopa kupitako, ndinene zoona, chifukwa ndinkaopa kukapeza maso ofiira aja akundiuza kuti jakisoni wanga anachedwa. Ine amene ndinkafunsa chilichonse kwa aliyense, funso limodzi limeneli linandikanika. Masiku ake ochira anafika n'kudutsa, ine osamva kanthu.

Tsiku lina m'nyengo ya mphepo, fumbi likuuluka pabwalo, mnzanga anandiuza kuti pali anthu akundifuna panja, akana kuonana ndi wina aliyense. Nditatuluka ndinaona bambo wamfupi atakhala pabenchi pakati pa amayi, atavala malaya ositidwa, chikwama cha matewera chili pamiyendo. Pambali pake panali Tiyanjane, atanenepa, kumsana kuli kamtolo kofundidwa shawelo. Anati anakafunsa kwa a Msiska kumene ndili, ndipo a Msiska anawalongosolera njira yonse, ndi pokwerera minibasi yachiwiri pomwe. Kuti ndisalire pamaso pa odwala ndinayamba nthabwala.

"Bambo, musanalowe, apongozi anu dzina lawo ndani?"

A Chikopa anaseka, nayang'ana pansi ngati tsiku lija.

"Ndibwezeninso, amayi, koma limenelo ayi."

Tiyanjane anamasula chitenje, natsitsa mwana, nandipatsa. Anali mtsikana, wolemera bwino, tsitsi lambiri, ali m'tulo. Ndinamuyang'ana zikhatho, mapazi, mphuno, khungu, monga mwa chizolowezi cha ntchito, ndipo zonse zinali bwino.

"Uyu analira, amayi," anatero Tiyanjane. "Analira mpaka ndinawapempha azamba kuti asamutontholetse."

Manja anga ozizira anamudzutsa mwanayo. Anakwinya nkhope, natsegula kukamwa, nayamba kulira kwamphamvu moti amayi onse pabenchi anatembenuka. Ine ndinayamba kumugwedeza kuti atonthole, koma a Chikopa anandigwira pamkono ndi zala zawo zija zosachoka mafuta.

"Musiyeni pang'ono, amayi," anatero.

Ndinamusiya. Tinaima pakhondepo atatu, mzere ukundidikira, tikumvetsera mwana akulira.